Njerwa Ikalira Ngwee

Mwezi wa Seputembala ukafika, woyenda pa msewu wa M3 kuchokera ku Liwonde kulowera ku Mangochi amaona chinthu chimodzi akamayandikira pa Ulongwe. Kuseri kwa nyumba, pansi pa milambe yoyoyoka masamba, pali mizere ya zidina zoyalidwa padzuwa, ndipo apo ndi apo uvuni womata ndi matope ukufuka utsi. Ndi nyengo ya njerwa. Zokolola zalowa m'nyumba, mvula ikadali kutali, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Shire silichedwa kuumitsa dothi.

Pamalo otere tolani zinthu ziwiri, chidina ndi njerwa yootcha. Zonse zachokera m'nkhuti imodzi, zaumbidwa m'chikombole chimodzi, ndi manja omwewo. Ziikeni m'ndowa ya madzi madzulo. M'mawa chidina chija mudzachipeza chili phala pansi pa ndowa, pamene njerwa ili gwa monga munaiikira. Palibe amene anathiramo simenti. Sinasungunukenso ngati phula n'kuumanso, chifukwa zikanatero ngodya zake zikanatha. Tinjere timene tinkangogundana tagwirana n'kukhala thupi limodzi. Akatswiri a zipangizo amatcha zimenezi sintering, kutanthauza kulumikiza ufa ndi moto wosafika pousungunula wonse, ndipo masiku ano amaziwerengera pa kompyuta chinthucho chisanalowe m'ng'anjo. Kuti timve zimene kompyutayo imawerengera, ndi bwino tiyambe takhala pansi m'mbali mwa nkhuti n'kuyang'ana manja.

Woumba njerwa sakumba paliponse. Amatapa dothi pang'ono, kulinyowetsa, n'kulifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Likamakwecha pali mchenga, likamaterera ngati sopo pali dongo. Amaliviringa m'manja kukhala kachingwe n'kukapinda. Kakathyoka msanga, dothilo n'lamchenga kwambiri ndipo njerwa yake idzafumbutuka. Kakapindika osathyoka konse, ngati makande a m'dambo, njerwa yake idzang'aluka pouma. Akufuna lapakati, n'chifukwa chake ambiri amakonda chulu, pomwe chiswe chinatulutsa kale dothi losalala la pansi, kenako amasakaniza ndi katondo kapena mchenga.

Zimene zala zake zikumva ndi kukula kwa tinjere. Kanjere ka dongo n'kaphanthiphanthi ngati mamba a nsomba, ndipo n'kochepa moti mutagawa milimita imodzi ka 500, gawo limodzilo likhoza kukaposabe. Madzi akalowa pakati pa timamba timeneti timatsetsereka pamwamba pa tinzake osasiyana, ndiye chifukwa chake dongo limaumbika. Mchenga ndi wokhakhala ndipo sutupa ndi madzi. M'njerwa umagwira ntchito ya mafupa.

Dothi likagona ndi madzi usiku wonse, anyamata amalowamo ndi mapazi. Kuponda kumaoneka ngati ntchito ya mphamvu chabe, koma phazi likufufuza. Likakumana ndi chibuma chouma limachiphwanya, likakumana ndi mwala kapena muzu dzanja limatsika n'kuchotsa. Timiyala toyera ta laimu ndiye toopsa kwambiri. Tikapsa m'uvuni timasanduka laimu wamoto, ndipo tikadzamwa chinyezi njerwa ili kale pakhoma timatupa n'kuiphulitsa. Opondawo amasiya matope akafanana paliponse, opanda pouma kapena pamadzi.

Tsopano yang'anani woumba. Chikombole chake n'chathabwa, chanjerwa ziwiri, ndipo amachiviika m'madzi kaye kuti matope asakakamire. Amadula mbamu ya matope ndi manja awiri, kuinyamula mpaka pachifuwa, n'kuiponya m'chikombole kuti phwa! Saika mofatsa, amaponya. Mphamvu ya kuponyako ndi imene imathamangitsira matope m'ngodya zonse zinayi ndi kutulutsa mpweya. Akatero amasindikiza ngodya ndi zibakera, kupala pamwamba ndi chikhatho, ndipo wonyamula amathamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesedwa bwino. Pokhuthula amakweza chikombole molunjika, mosagwedeza, ndipo zidina ziwiri zimatsala zikunyezimira.

Pali zinthu ziwiri apa zimene tidzazipezenso m'kompyuta. Choyamba, mukayeza chikombole ndi njerwa yotuluka m'uvuni mudzapeza kuti chikombole n'chachikulupo. Kalipentala amene anachikhoma anasiyira dzuwa ndi moto gawo lake. Chachiwiri, dothi siliiwala. Ngodya imene sinasindikizidwe bwino ili ndi timipata tambiri kuposa pakati, ndipo idzanyala kwambiri kuposa pakatipo. Lero chidinacho chikuoneka chowongoka, koma kupindika kwake kwalowa kale m'kati, kukungodikira moto.

Zidina zatsopano amazifunditsa udzu. Mlendo angadabwe kuti munthu wofuna kuumitsa chinthu akuchibisiranji dzuwa. Madzi akamachoka, timamba tija timayandikana ndipo chidina chimachepa. Kunja kukauma msanga m'kati mukadali monyowa, khungu limafuna kuchepa pamene mtima ukukana, ndipo khungulo limang'ambika. Udzu umachedwetsa kunja kuti m'kati mulondole. Pakapita masiku angapo amazitembenuza kuti ziime cham'mbali, kenako amazisanja motalikirana kuti mphepo izidutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumanga uvuni ndi luso lina palokha, ndipo pamudzi amadziwika amene amaitanidwa pa ntchitoyi. Pansi amasiya makomo, tinjira ta moto todutsa mbali ina kukatulukira mbali ina, ndipo pamwamba pa khomo lililonse zidina amazisendeza pang'onopang'ono mpaka zitakumana. Kuchokera apo mzere uliwonse umapingasa unzake, ndipo pakati pa chidina ndi chinzake amasiya mpata wolowa chala. Mipata imeneyi ndiyo misewu ya moto. Ikachepa moto umatsamwa, ikakula umathamangira kumwamba osapsereza za m'mbali. Pomaliza amamata uvuni wonse ndi matope kuti kutentha kusathawe.

Moto woyamba ndi waung'ono, wa tinthambi ndi zinyalala, pakamwa penipeni pa khomo. Utsi wotuluka pamwamba umakhala woyera ndi wolemera chifukwa wambiri ndi nthunzi. Chidina chooneka chouma chimakhalabe ndi madzi, ndipo pa madigiri 100 madziwo amawira. Mukawafulumizitsa, nthunzi imasowa potulukira n'kuswa chidina. Wootcha amakwera n'kuika dzanja pamwamba pa uvuni. Likabwera lonyowa amadikira. Likabwera louma, utsi n'kupepuka, amaitanitsa zipika, ndipo pamenepo moto weniweni wayamba, woti usonkhezedwe usana ndi usiku.

M'kati mwa uvuni zinthu zimachitika motsatana. Pakati pa madigiri 450 ndi 600 dongo limataya madzi ena amene sanali m'timipata koma anali mbali ya thupi lake lenileni, ndipo kuyambira apo silingabwererenso kukhala matope. Pa madigiri 573 mchenga wa quartz, mwala wowala uja wochuluka m'mitsinje yathu, umasintha kasanjidwe ka m'kati mwake n'kutupa pang'ono koma mwadzidzidzi. Timizu ndi manyowa otsalira m'dothi amapsa, ndipo amafuna mpweya kuti athe. Kunja kukatsekeka iwo asanathe, njerwa imatuluka yofiira bwino koma mukaithyola mtima wake ndi wakuda, chikomekome cha mkuyu. Kufiirako kumachokera ku chitsulo cha m'dothi chimene chakumana ndi mpweya wokwanira. Ndiyeno moto ukamayandikira madigiri 900, m'makomo mukuwala ngati dzuwa lolowa, kugwirana kuja kumayamba mwamphamvu.

N'chiyani chimakoka tinjere kuti tigwirane? Onani madontho awiri a madzi pa tsamba la koko. Akangokhudzana amalumphirana n'kukhala dontho limodzi lobulungira. Maatomu a pakhungu la chinthu alibe anzawo mbali imodzi, choncho sakhazikika ngati a m'kati, ndipo chinthu chilichonse chikapeza mpata chimachepetsa khungu lake. Ufa uli ndi khungu lochuluka modabwitsa. Kamwala ka sentimita imodzi mbali zonse kali ndi khungu loti mukhoza kuliphimba ndi sitampa. Mukakapera kukhala tinjere ta gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, mupeza tinjere 1,000,000,000,000, ndipo khungu lake lonse likwana masikweya mita 6, pansi pa kachipinda ka mamita awiri ndi atatu. Khungu lonselo likufuna kuchepa. Pozizira maatomu sangasunthe. Moto ndi umene umawamasula miyendo.

Akamasuka amalowera pamalo pamene tinjere tiwiri takhudzana, n'kuyamba kudzaza kampata ka m'mbali mwake. Pamamera kamlatho kamene akatswiri amakatcha khosi, chifukwa tinjere tiwirito timaoneka ngati mutu ndi thupi. Khosi likamanenepa tinjere timayandikana, timipata timachepa n'kubulungira, ndipo chinthu chonse chimanyala. M'dothi muli chothandizira china. Tizidutswa tokhala ndi potaziyamu, sodiyamu, laimu ndi chitsulo timayamba kusungunuka msanga n'kupanga timadzi ta galasi tochepa, tonanda ngati uchi. Timadzito timalowa pakati pa tinjere tosasungunuka n'kutikokera pamodzi, monga mchenga wonyowa umagwirana m'manja, ndipo pozizira timauma n'kukhala zomangira.

Anthu anaotcha dothi zaka zikwizikwi asanalembe masamu ake. Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, Keith Robinson anafukula mapale a miphika ya zaka zoposa 1,500. Ngakhale m'mafakitale manja anatsogola. Mu 1910 William Coolidge wa kampani ya General Electric ankafuna waya wa tungsten wa m'mababu a magetsi, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 3,422, kutentha koti panalibe mphika wochisungunuliramo. Anasindikiza ufa wake kukhala timitanda, anatitenthetsa ndi magetsi mpaka tinagwirana, n'kutisula mpaka tinakhala waya. Masamu anabwera pambuyo. Mu 1945 Yakov Frenkel wa ku Soviet Union analemba mmene khosi limakulira pakati pa timipira tiwiri tonanda ngati galasi. Mu 1949 George Kuczynski anaika timipira tachitsulo pa mbale yachitsulo, kutitenthetsa, kutidula pakati n'kuyeza makosi ake, ndipo liwiro la kukula kwake linamuuza njira imene maatomu adzera. Mu 1950 Conyers Herring anaonetsa mphamvu ya kusalala kwa ufa: ngati maatomu akudzera m'kati mwa kanjere, kuchepetsa tinjere ka 10 kumafupikitsa nthawi ka 1,000. Mayi amene amasinja ndi kusefa mtapo wake asanaumbe mphika akutsata lamulo lomweli.

Wootcha wa pa Ulongwe sangaone khosi, koma ali ndi muyeso wake. Njerwa zonse zikamanyala, uvuni wonse umatsika pang'ono, ndipo matope omata aja amang'aluka. Akaona msana wa uvuni wakhala pansi, usiku n'kuonanso kufiira kwafika pamwamba, amadziwa kuti zapsa. Amatseka makomo ndi njerwa ndi matope, n'kuusiya masiku. Saufulumira kuutsegula, pakuti pozizira mchenga uja udzadutsanso pa madigiri 573 n'kubwerera mwadzidzidzi, ndipo mphepo yozizira ikalowa nthawi imeneyo njerwa zimathetheka.

Tsiku lophwasula, uvuni umaonetsa paliponse pamene moto unayenda. Za kunja n'zotuwa, zopepuka mtima, zofumbutuka ndi chikhadabo. Za pakati n'zofiira ndi zolimba. Za pakhomo la moto n'zakuda, zonyezimira, zina zopindika ngati nthochi, zina zomatirirana zitatu zinayi. Izi zinalandira galasi lambiri, zinafewa, ndipo kulemera kwa zinzake za pamwamba kunazikhotetsa. Dothi limodzi, uvuni umodzi, zotuluka zitatu. Funso la mwini uvuni ndi lomwe amafunsa injiniya wa ku fakitale: ndikaika chinthu cha maonekedwe awa pamoto wotere, chidzatuluka chotani?

Kompyuta imayankha funsoli m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba imayang'ana kanjere kalikonse pakokha. Peter Cundall ndi Otto Strack anaifotokoza mu 1979 pofuna kumvetsa mchenga ndi miyala, ndipo imatchedwa discrete element method. Injiniya amauza kompyuta kuti ipange timipira masauzande ambiri, tosiyana kukula monga ufa wake ulili, n'kutithira m'bokosi longoyerekeza. Kompyuta imasunga kaundula wa kampira kalikonse: kali pati, kakukhudzana ndi tiati, kakukankhidwa motani. Kenako imasuntha nthawi pang'ono kwambiri, kuwerengera kumene kalikonse kapita, kulembanso kaundula, n'kubwereza kamamiliyoni. Pa malo alionse okhudzana amaikapo lamulo la kukula kwa khosi. Mukamaonera pa sikirini mumaona zimene diso silinaonepo m'uvuni: timipira tikutembenuka kufuna malo abwino, magulu ena akugwirana msanga n'kudzikokera okha, ndipo pakati pa magulu awiri otere kampata kakukula m'malo mochepa. Mng'alu umabadwa chotero.

Koma taona kale kuti kamwala ka sentimita imodzi kakhoza kukhala ndi tinjere toposa zimene kompyuta ingawerenge kamodzikamodzi. Pa chinthu chathunthu pamafunika njira yachiwiri, finite element method, imene inakulira m'masamu a mapiko a ndege ndipo Ray Clough anaipatsa dzinali mu 1960. Apa injiniya amajambula chinthu chonse n'kuchikuta ndi ukonde, ngati wa asodzi a pa nyanja ya Malombe, koma wolowa mpaka m'kati. Diso lililonse la ukondewo ndi kachidutswa ka chinthucho. Pamalo osalala maso amakhala aakulu. Pa ngodya, pa bowo ndi pamene pali popyapyala amawachepetsa, chifukwa mavuto amayambira pamenepo.

Kachidutswa kalikonse kamanyamula manambala ake. Katentha bwanji? Kali ndi timipata tochuluka bwanji? Pa kutentha kumeneko n'kolimba ngati nsima ya dzulo kapena kofewa ngati phala? Ndipo kakudzikoka kokha ndi mphamvu yotani pofuna kuchepetsa khungu lake? Kaganizidwe kameneka, koona ufa wotentha ngati chinthu chonanda chokhala ndi timibowo, anakayala Valery Skorokhod wa ku Kyiv mu 1972, ndipo Eugene Olevsky anakasonkhanitsa mwadongosolo mu 1998. Kukongola kwake kuli pa lamulo limodzi losavuta: tizidutswa toyandikana sitingasiyane kapena kulowana. Kena kakafuna kuchepa kwambiri pamene kanzake kakufuna pang'ono, tiyenera kugwirizana, ndipo kugwirizanako ndiko kupindika. Kompyuta imathetsa mkangano umenewu pa maso onse nthawi imodzi, imakweza kutentha pang'ono, n'kuyambiranso.

Zopindikitsa zimene amaziika m'masamuwa ndi zomwe taziona pabwalo la njerwa. Pali kusafanana kwa kasindikizidwe. M'fakitale ufa wouma amautsindira m'chikombole chachitsulo ndi makina, ndipo ufa wa m'mbali umakhulana ndi khoma, choncho mphamvu siifika mofanana pansi. N'chifukwa chake amayamba awerengera kutsindirako, n'kutenga mapu a pothina ndi polekera kupita nawo ku masamu a moto. Pali kusafanana kwa kutentha, mbali yoyang'ana moto kupsa msanga. Pali kulemera kwa chinthucho, kumene kumagwetsa mbali yotambalala ikafewa. Palinso kukhulana ndi pansi: thako la chinthu limagwidwa ndi pamene lakhala, mutu n'kumanyala momasuka, ndipo chotuluka chimakhala chotambalala pansi ngati phazi la njovu.

Akatha kulosera kupindika amachita chinthu chimene chimandisangalatsa kuposa zonse. Amatembenuza funso. Ngati m'mphepete mudzagwa ndi theka la milimita, amajambula chikombole chokweza m'mphepetemo ndi theka la milimita, n'kuyesanso pa kompyuta, n'kukonzanso, mpaka chinthu chopindika mwadala chituluke m'moto chili chowongoka. Pa zipangizo zina, monga tizitsulo topangidwa ndi ufa wosakaniza ndi pulasitiki, kapena mano oikirira a zirconia, chinthu chimachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu mbali iliyonse, komabe chiyenera kukwana pamalo pake ndendende. Ndi nzeru ya kalipentala uja wa chikombole, yofikitsidwa pa muyeso wa tsitsi.

Kompyuta payokha siidziwa dothi la pa Ulongwe kapena ufa wina uliwonse. Manambala aja ayenera kuyezedwa. Amaumba kachidutswa konga choko cholembera, n'kukaika m'kang'anjo kotchedwa dilatometer, momwe kandodo kamakhudza nsonga yake. Kutentha kukamakwera, kandodoko kamatsatira kutupa ndi kunyala kulikonse, ndipo makina amajambula mzere. Pa mzerewo mumaona madzi akuchoka, mumaona kulumpha kwa pa 573, kenako kutsetsereka kwa kugwirana. Amabwereza ndi moto wofulumira ndi wochedwa. Mu 1996 Hunghai Su ndi Lynn Johnson anaonetsa kuti mizere yotereyi ikhoza kupindidwa kukhala umodzi, wouza kuti moto wocheperako wokhalitsa ungafikitse ufa pamene wafikitsa moto waukulu wachidule. Wootcha amene nkhuni zake n'zosalimba ndipo waganiza zowonjezera usiku wina akusinthanitsa zinthu ziwiri zomwezo, kutentha ndi nthawi.

M'boma la Balaka muli chinthu china choumba chimene chimayesa luso kuposa njerwa: Chitetezo mbaula. Bungwe la Concern Universal linagwira ntchito ndi magulu a m'midzi ya bomali pofalitsa mbaulayi, ndipo mu 2013 dziko la Malawi linalonjeza kufikitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020. Amayi oumba amasunga mtapo m'dzenje masabata angapo kuti ufewe mofanana, amauponda, amaumata m'chikombole chozungulira n'kupalasa m'kati ndi thabwa lozungulira kuti khoma likhale lofanana kunenepa. Kenako amaboola khomo la nkhuni, n'kumatapo zogwirira ndi timafuwa tokhazikapo mphika. Chilichonse mwa izi ndi malo a ngozi. Kafuwa n'konenepa kuposa khoma ndipo kamauma mochedwa. M'mbali mwa khomo mphamvu zokoka zimaunjikana, ndiye chala chonyowa chimadutsamo kubulungiza ngodya iliyonse. Injiniya atajambula mbaulayi pa kompyuta, malo amene angachepetse maso a ukonde ndi omwewo amene chala cha mayi chimabwererapo kawiri. Ndipo mbaula siifuna kupsa ngati kapu yadothi ya m'sitolo. Timipata totsala ndi mchenga wosakanizamo zimaimitsa ming'alu ndi kusunga kutentha, kuti ipirire moto wa m'mawa uliwonse. Nthawi zina luso ndi kudziwa polekezera kugwirana.

Kum'mwera kwa tauni ya Balaka kuli phiri la Kangankunde, lokhala ndi mwala wa monazite, ndipo mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inali kukonza zokumbapo mgodi. M'mwalawo muli neodymium ndi praseodymium, zitsulo za maginito amphamvu kwambiri a m'masipika a foni, m'magalimoto oyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Maginito amenewa, amene Masato Sagawa wa ku Japan anawatulukira mu 1982, amapangidwa ngati njerwa. Chitsulo chosakaniza amachipera kukhala ufa wosalala kuposa ufa woyera. Amauthira m'chikombole, amayatsa mphamvu ya maginito kuti kanjere kalikonse kaloze mbali imodzi, amatsindira, n'kuotcha pa madigiri opitirira 1,000 m'ng'anjo yochotsedwa mpweya. Popeza tinjere tonse taloza kumodzi, kunyala kwa m'litali kumasiyana ndi kwa m'lifupi, ndipo kompyuta iyenera kuwerengera mbali iliyonse payokha. Zinthu za mtundu umenewu zafika kale pa Ulongwe. Choyera chija cha pa pulagi ya njinga yamoto ya kabaza ndi ufa wa alumina wootcha, ndipo kansonga kolimba ka chobowolera khoma ndi ufa wa tungsten carbide wogwirana ndi cobalt.

Uvuni wa pamudzi uli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi mitengo. Tsanya wa m'chigwa muno amayaka bwino koma amakula mochedwa, ndipo mu 2018 boma, kudzera ku National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Poyang'ana mulu wa njerwa zosapsa za kunja ndi zopsereza za pakhomo, munthu amaona nkhuni zimene zinayaka pachabe. Masamu omwe aja akhoza kugwira uvuni wonse: kutalika kwa makomo, kukula kwa mipata, kunenepa kwa matope omata, ndi mankhusu a mpunga osakaniza m'dothi kuti njerwa izidziotcha yokha m'kati. Wophunzira uinjiniya amene angafune kuchita zimenezi ayenera kuyamba ndi thumba la dothi la m'nkhuti yeniyeni, ndi usiku wathunthu pafupi ndi wootcha, akulemba nthawi imene dzanja linabwera louma ndi imene msana wa uvuni unatsika.

Wogula akafika ndi ngolo, safunsa za madigiri. Amatola njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa pafupi ndi khutu. Yosapsa imayankha kuti phu, chifukwa kunjenjemera kumafera pa tinjere tongogundana. Yokhala ndi mng'alu wobisika imalira mosasa. Koma pamene makosi anamera paliponse, kugundako kumayenda kuchokera ku nsonga ina kukafika ku inzake osapeza podukira, ndipo njerwa imalira ngwee. M'malabotale amayezanso kulimba kwa zinthu zootcha poziomba pang'ono n'kutchera maikolofoni. Wogulayo amamvetsera kamodzi, amayang'ana mwini uvuni, n'kunena kuti, "Izi ndiye zapsa, achimwene. Tiyeni tiyambe kupakira."